Utoto m'mitsempha: mbiri ya kuunika ubongo wa ana odwala malungo ku Blantyre

Makina ojambula m'kati mwa thupi la munthu amaonetsa bwino zinthu zosiyana kwambiri ndi zinzake, monga fupa pakati pa mnofu kapena mpweya m'mapapo, koma amavutika kulekanitsa ziwalo zofewa zimene zagundana, chifukwa chiwindi, matumbo, mitsempha ya magazi ndi ubongo zimatuluka pachithunzi ndi maonekedwe ofananafanana. Pofuna kuthetsa vuto limeneli, madotolo amamwetsa kapena kubaya wodwala mankhwala amene ntchito yake si kuchiza matenda koma kuwalitsa malo amene adutsamo, kuti mtsempha wotsekeka, chotupa kapena malo amene magazi akuchucha zioneke poyera. Mankhwala amenewa, amene m'chipatala amatchedwa contrast, amagwira ntchito ya utoto, ndipo uliwonse umene ukugwiritsidwa ntchito lero unayamba wayesedwa pa anthu amene panthawiyo sankadziwa bwinobwino chimene chidzawachitikire. Ku Blantyre sikupangidwa utoto wotere, komabe mzindawu uli ndi malo ake m'mbiri imeneyi, chifukwa ana amene amafika ali chikomokere pa chipatala cha Queen Elizabeth Central, chimene anthu amachitcha Gulupu, ndiwo anathandiza dziko lonse kuona mmene malungo amaphera mwana akalowa mu ubongo.

Wilhelm Röntgen atatulukira X-ray ku Würzburg m'dziko la Germany mu Novembala 1895, panangopita miyezi iwiri kuti Eduard Haschek ndi Otto Lindenthal a ku Vienna athire msanganizo wa mankhwala m'mitsempha ya dzanja lodulidwa ndi kulijambula, ndipo mitsemphayo inaoneka yonse mpaka kunsonga kwa zala. Walter Cannon, ali wophunzira ku Harvard, anadyetsa nyama chakudya chosakaniza ndi bismuth n'kumaonerera mmene chikuyendera m'mimba, ndipo cha m'ma 1910 barium analowa m'malo mwa bismuth, moti mpaka lero wodwala amene akujambulidwa kummero kapena m'mimba amamwetsedwa phala loyera la barium. Ubongo ndiwo unavuta kwambiri. Mu 1927 Egas Moniz wa ku Lisbon anakwanitsa kujambula mitsempha ya mu ubongo wa munthu wamoyo pobaya mankhwala a ayodini mumtsempha wa pakhosi, koma asanafike pamenepo anali atayesa mankhwala ena, ndipo mmodzi mwa odwala ake oyambirira anamwalira.

Nkhani imene aliyense woyesa utoto watsopano ayenera kuidziwa ndi ya Thorotrast, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito cha m'ma 1930. Utoto umenewu unkatulutsa zithunzi zowala kuposa wina uliwonse wa nthawi imeneyo, ndipo wodwala sankamva ululu kapena kudandaula chilichonse akangoubayidwa, choncho madotolo ku Ulaya, ku America ndi ku Japan anaukonda kwambiri. Chimene sanachisamalire n'chakuti thorium, amene anali maziko a utotowo, satuluka m'thupi: amakhazikika m'chiwindi, m'kapamba ndi m'mafuta a m'mafupa, ndipo amapitiriza kutulutsa cheza choononga kwa moyo wonse wa munthuyo. Patadutsa zaka makumi awiri kapena atatu, anthu ambiri amene anabayidwa anayamba kudwala khansa ya m'chiwindi ndi ya m'magazi, ndipo pamene Thorotrast ankasiyidwa m'zaka za m'ma 1950 n'kuti anthu ochuluka atabayidwa kale. Kuipa kwa utoto umenewu sikukanaoneka m'kafukufuku wa masabata kapena miyezi yochepa, chifukwa pa nthawi yaifupi yotero zonse zimene zinkapimidwa zinkasonyeza kuti ndi wabwino.

Utoto wa ayodini unapitiriza kukonzedwa, makamaka Torsten Almén wa ku Sweden atasonyeza kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kuti ululu umene odwala ankamva unkachokera ku kulemera kwa mchere wa mankhwalawo poyerekeza ndi magazi. Makina a MRI, amene sagwiritsa ntchito cheza cha X-ray koma maginito amphamvu ndi mafunde a wailesi, anafuna utoto wamtundu wina, ndipo mu 1988 kampani ya Schering ya ku Berlin inatulutsa Magnevist, utoto woyamba wa gadolinium. Gadolinium payekha ndi poizoni, choncho amamangiriridwa ku mankhwala ena amene amamugwira mpaka impso zitamutulutsa mumkodzo. Kwa zaka pafupifupi makumi awiri utotowu unkaonedwa ngati wopanda vuto, kufikira mu 2006 pamene zinadziwika kuti anthu ena amene impso zawo sizigwira bwino ntchito amadwala matenda oumitsa khungu ndi ziwalo akaubayidwa. Mu 2014 akatswiri a ku Japan anaonanso zizindikiro zakuti gadolinium wina amatsalira mu ubongo, ndipo mu 2017 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linaimitsa mitundu ingapo ya utotowu.

Pamene zonsezi zinkachitika kunja, chipatala cha Gulupu, chimene chinatsegulidwa mu 1958, chinali ndi funso limene makina ake a X-ray sakanaliyankha. Anthu a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Zingwangwa amayambira pa zipatala zazing'ono za m'madera mwawo, ndipo a ku Machinjiri amayambira pa South Lunzu, koma mwana akatentha thupi, n'kuyamba linjirinjiri, kenaka n'kukomoka osatsitsimuka, amatumizidwa ku Gulupu pamodzi ndi ana ochokera kumidzi ya m'boma la Blantyre ndi maboma oyandikana nalo, kumene malungo ndi ochuluka kuposa mumzinda. Ana otere amachuluka m'nyengo ya dzinja ndi miyezi yotsatira, pamene udzudzu waswana m'zithaphwi ndi m'mphepete mwa mitsinje monga Mudi ndi Nasolo. Mu 1986 Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor wa ku Michigan State University anayambitsa Blantyre Malaria Project, ndipo mu 1989, pamodzi ndi Jack Wirima ndi anzawo, anafalitsa njira yopimira kuzama kwa chikomokere cha mwana amene sanayambe kulankhula. Njirayi, imene imatchedwa Blantyre Coma Score ndipo ikugwiritsidwabe ntchito m'mayiko ambiri, imayang'ana mmene mwana akusunthira akamva kupweteka, mmene akulirira ndi mmene maso ake akutsatira zinthu, ndipo imapereka mapointi kuchokera pa 0 mpaka 5.

Njira imeneyi inkanena kuti mwana wakomoka kwambiri, koma sinkanena chimene chamukomola. M'dera limene ana ambiri amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi osadwala, kupeza tizilomboto mwa mwana wokomoka sikutsimikiza kuti ndito tachititsa. Kuyambira mu 1996 gulu la akatswiriwa linayamba kupempha makolo chilolezo chopima mitembo ya ana amene amwalira atakomoka, pempho lolemera kwa banja limene langotaya mwana ndipo likuganiza zonyamula maliro, moti mabanja ambiri anakana ndipo anali ndi ufulu wonse wokana. Mmene makolo ayenera kuuzidwira za ziwalo zimene zidzapimidwe linali funso limene makomiti oona za ufulu wa anthu m'kafukufuku a ku Malawi ndi a ku America anasiyanapo maganizo, ndipo Joseph Mfutso-Bengo wa ku College of Medicine pamodzi ndi Taylor analemba za kusiyana kumeneku mu 2002. Zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2004 zinasonyeza kuti mwa ana 31 amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo, 7 anafa ndi matenda ena. Mabanja amene analola ali m'kati mwa chisoni ndiwo anapereka umboni umenewu, ndipo mbiri ya sayansi siinganenedwe moona popanda kuwatchula.

Kafukufuku yemweyo anatsimikiza chinthu chimene Susan Lewallen, dotolo wa maso amene ankagwira ntchito ku Blantyre, anali atayamba kuchilongosola mu 1993, chakuti diso la mwana wodwala malungo a mu ubongo lili ndi zizindikiro zakezake. Kumbuyo kwa diso kuli kachikopa kopyapyala kamene kamalandira kuwala, kotchedwa retina, ndipo kachikopa kameneka kamamera kuchokera ku ubongo mwana ali m'mimba, choncho timitsempha take n'tofanana ndi ta mu ubongo. Ndi malo okhawo m'thupi amene dotolo angaone timitsempha totere mwachindunji popanda kucheka. Mwa ana amene malungo analidi chifukwa cha chikomokere chawo, retina inkaoneka ndi madontho oyera, timitsempha tina tinkasanduka toyera kapena tachikasu chofiirira, ndipo pankakhala timadontho ta magazi tokhala ndi kuyera pakati, pamene mwa ana amene anafa ndi matenda ena zizindikirozi sizinkapezeka.

Apa ndi pamene utoto unalowa m'nkhani ya ku Blantyre, ndipo sunali utoto watsopano konse. Fluorescein anapangidwa ndi Adolf von Baeyer mu 1871, ndipo Harold Novotny ndi David Alvis, ali ophunzira zaudotolo ku Indiana, anafalitsa mu 1961 njira yojambulira nawo mitsempha ya m'maso atayamba kuiyesa pa mmodzi wa iwo eni. Ku Gulupu njirayi inagwiritsidwa ntchito pa mwana wokomoka amene sangakhale pampando kapena kuyang'ana pamene wauzidwa. Mwana amathiridwa mankhwala otanula mwanadiso, kenaka utoto umalowetsedwa kudzera pamene palowera diripi, ndipo pakapita masekondi ochepa umafika m'maso, kumene kamera yowala ndi kuwala kwa buluu imaujambula ukuwala mobiriwira pamene ukudzaza mitsempha yaikulu, timitsempha tating'ono, kenaka mitsempha yobwerera kumtima. Khungu limasanduka lachikasu kwa maola angapo, mkodzo kwa tsiku limodzi kapena awiri, chinthu chimene mayi amene akudikirira mwana ayenera kuuzidwiratu, ndipo ngakhale utotowu nthawi zambiri umangobweretsa nseru, mwa apo ndi apo thupi limaukana mwamphamvu, choncho superekedwa popanda zipangizo zopulumutsira pafupi.

Mu 2009 Nicholas Beare, Simon Harding ndi anzawo a ku Liverpool ndi ku Blantyre anafalitsa zimene anaona mwa ana 34, ndipo mwa 28 a iwo munali malo amene utoto sunkafika konse. Malo amdima amenewa ndi omwe aja ankaoneka oyera poyang'ana m'diso popanda utoto, kutanthauza kuti kuyerako ndi mnofu umene wasowa magazi chifukwa timitsempha tatsekedwa ndi maselo ofiira a magazi amene tizilombo ta malungo talowamo n'kuwamamatiza kumakoma a mitsempha. Kafukufuku wotsatira, amene Ian MacCormick anatengapo mbali yaikulu, anayang'ananso malo amene utoto unkatulukira kunja kwa mitsempha, ndipo anapeza kuti mitundu ina ya kuchucha kumeneku imayendera limodzi ndi kutupa kwakukulu kwa ubongo ndi imfa. Utoto wotchipa, wodziwika kwa zaka zoposa zana, unaonetsa mwa mwana wamoyo zimene poyamba zinkangooneka popima mtembo.

Makina oyamba a MRI m'Malawi anaikidwa ku Gulupu mu 2008, ndipo anali a kampani ya General Electric, amphamvu ya 0.35 tesla. Tesla ndi muyeso wa mphamvu ya maginito, ndipo makina a m'zipatala za mayiko olemera amakhala a 1.5 kapena 3 tesla, choncho zithunzi za ku Blantyre sizinali zakuthwa ngati za kumeneko. Komabe Sam Kampondeni, mmodzi mwa Amalawi ochepa kwambiri amene anali akatswiri owerenga zithunzi zotere panthawiyo, pamodzi ndi Michael Potchen wa ku America, anawerenga zithunzi za ana mazana angapo, ndipo mu 2015 Karl Seydel ndi gulu lonselo anafalitsa zotsatira zake m'magazini ya New England Journal of Medicine. Mwa ana 168 amene maso awo anatsimikiza kuti akudwaladi malungo a mu ubongo, 25 anamwalira, ndipo 21 mwa amenewa anali ndi ubongo wotupa kwambiri, pamene mwa ana amene anachira kutupa kotero kunapezeka mwa 27 pa 100 aliwonse. Chigaza sichitanuka, choncho ubongo ukatupa umakanikiza tsinde lake, limene limalamulira kupuma, ndipo mwana amasiya kupuma mtima ukugundabe. Mwa ana amene anapulumuka, kutupako kunkaphwa pakapita masiku ochepa, ndipo pamenepa ndi pamene panachokera ganizo loyesa kupumitsa ana ndi makina kapena kuwapatsa madzi a mchere wambiri mpaka kutupako kutadutsa, ganizo limene linatheka kuyesedwa chipatala cha Mercy James, chimene chili ndi chipinda cha ana odwala mwakayakaya, chitatsegulidwa mu 2017.

Kutupa kumeneku kunaoneka popanda utoto, chifukwa mipata ya madzi imene imazungulira ubongo imangozimiririka pachithunzi, koma chimene chimatupitsa ubongo ndi funso limene utoto ungathandize kuyankha. Mitsempha ya mu ubongo ili ndi makoma othinana amene salola zinthu zambiri za m'magazi kudutsa, ndipo gadolinium amaoneka kunja kwa mitsempha pokhapokha makomawo ataboka. Ku Lusaka, kumene kunali makina a 1.5 tesla, Potchen, Gretchen Birbeck ndi anzawo anajambula ana 16 asanabayidwe ndiponso atabayidwa gadolinium, ndipo mu 2018 anafalitsa kuti sanaone utotowo ukutuluka kunja kwa mitsempha. Diso linkasonyeza kuchucha pamene ubongo sunkasonyeza, ndipo kusiyana kumeneku kukhoza kuchokera ku kuchepa kwa ana amene anajambulidwa, ku nthawi imene anajambulidwa, kapena ku kusiyana kwa utoto ndi makina.

Utoto watsopano umayesedwa m'magawo. Ukatha kuyesedwa pa nyama, umaperekedwa pang'onopang'ono kwa anthu ochepa athanzi kuti zidziwike mmene umayendera ndi kutulukira m'thupi, kenaka kwa odwala kuti papezeke mlingo wochepetsetsa umene ungawalitse chithunzi, ndipo pomaliza kwa odwala ambiri, amene zithunzi zawo zimawerengedwa ndi akatswiri osauzidwa kuti ndi utoto uti unagwiritsidwa ntchito. Umu ndi mmene gadopiclenol, amene amawalitsa chithunzi ndi theka la gadolinium wa masiku onse, anavomerezedwera ku America mu 2022. M'Malawi kafukufuku wotere ayenera kuvomerezedwa ndi komiti ya COMREC ya ku Kamuzu University of Health Sciences kapena komiti ya dziko lonse ya NHSRC, ndiponso ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA. Utoto umasiyana ndi mankhwala ochiza pa mfundo imodzi yofunika, yakuti wobayidwayo sachira chifukwa cha jakisoniyo, choncho chiopsezo chimene chingaloledwe n'chochepa kwambiri, ndipo kholo limene likusaina kapena kudinda chala pa kalata ya chilolezo liyenera kumvetsa kuti kukana sikuchepetsa chithandizo cha mwana wake.

Anthu a m'madera ozungulira mzinda wa Blantyre si alendo pa kafukufuku. Mu 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa analowa m'kafukufuku wa katemera wa typhoid, anatsatiridwa kwa zaka zoposa zinayi, ndipo katemerayo anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2023. Pa chipatala cha Bangwe, mu 2018 ndi 2019, akuluakulu amene ankatsokomola anajambulidwa X-ray ya pachifuwa imene inkawerengedwa ndi kompyuta pofuna kupeza TB msanga. M'madera omwewa ndi mmenenso mphekesera za anamapopa zinafika mu 2002 ndi 2003, ndiponso mu 2017, pamene anthu osalakwa anaphedwa m'chigawo cha kummwera. Mantha a jakisoni wosadziwika sayenera kutengedwa ngati umbuli chabe, chifukwa mbiri ya Thorotrast ikusonyeza kuti funso lakuti chimene chalowa m'thupi chidzatuluka liti ndi funso limene madotolo eniake analiyankha mochedwa.

Cha m'ma 2021 ku Gulupu kunafika makina ena a MRI, ang'onoang'ono, oyenda pa mateyala ndi olumikizidwa ku magetsi wamba, opangidwa ndi kampani ya Hyperfine, amene mphamvu yake ndi 0.064 tesla yokha. Makina otere amakankhidwa mpaka pabedi la wodwala, ndipo ndi amene zipatala za m'mayiko osauka zingakwanitse kugula ndi kusamalira, koma zithunzi zake n'zosawala kwenikweni, ndipo utoto wa gadolinium, umene unakonzedwera makina amphamvu, suthandiza mofanana pa maginito ofooka chotere. Pa chifukwa chimenechi akatswiri ku America, ku Ulaya ndi ku Australia akuyesa timibulu tating'onoting'ono ta ayironi, kuphatikizapo ferumoxytol, mankhwala amene anavomerezedwa mu 2009 ngati othandiza anthu operewera magazi, ndipo zoyesa za m'labotale zasonyeza kuti timibuluti timawala bwino pa maginito ofooka.

Ngati utoto wotere udzagwiritsidwe ntchito pa makina a mtundu umene uli ku Gulupu, zotsatira za kunja sizingakwanire pazokha. Kafukufuku wa pachilumba cha Pemba ku Tanzania, amene anafalitsidwa mu 2006, anasonyeza kuti kupatsa ana ayironi mwachisawawa m'dera la malungo ochuluka kunachulukitsa ogonekedwa m'chipatala ndi omwalira, ndipo ngakhale ayironi wakumwa tsiku ndi tsiku si chimodzimodzi ndi wobayidwa kamodzi, funsolo liyenera kuyankhidwa pakati pa ana amene amakhala ndi malungo. Gadolinium nayenso ali ndi funso lake kuno, chifukwa malungo aakulu amavulaza impso za ana ambiri, ndipo makina otsuka magazi a anthu odwala impso ndi ochepa m'dziko muno. Palinso vuto lowatsatira anthu, popeza mabanja a lendi ku Ndirande kapena ku Bangwe amasamuka kawirikawiri ndipo nambala za foni zimasintha, pamene kuipa kwa utoto, monga mbiri yasonyezera kawiri konse, kumatha kuonekera patadutsa zaka zambiri. Makomiti ovomereza kafukufuku m'Malawi sayenera kulola utoto woyeserera kubayidwa mwa mwana aliyense pokhapokha oyesawo atasonyeza kuti adzapima impso asanabaye, kuti ali ndi ndalama zotsatirira anawo kwa zaka, kuti adzabwerera kukanena zotsatira m'Chichewa m'madera amene anawo anachokera, ndiponso kuti utotowo ukadzavomerezedwa udzapezeka ku Gulupu pa mtengo umene unduna wa zaumoyo ungakwanitse.